Manja a Reuben

Tsiku limenelo kunali mphepo ya mu Ogasiti, ija imanyamula fumbi la mumsewu waukulu wopita ku Chipata n'kulithira m'mbale za anthu a ku Chelstone. Ndinali nditatseka zenera la kashedi kanga kuseri kwa nyumba, chifukwa fumbi ndi mdani wa taipilaita. Ntchito yanga ndi imeneyo. Anthu a m'maofesi amabweretsa mataipilaita atauma zilembo, ine ndimawatsuka, kuwathira mafuta, n'kuwabweza.

Mwana wanga Reuben anali pa mpando wake pakona. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu ndipo anali asanatulutsepo mawu omveka. Ankang'ung'udza kanyimbo kake kamodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kabelu ka taipilaita kakalira, ankakweza manja n'kumawakupiza ngati mbalame yosamba m'chithaphwi. Ndinkaliza kabeluko kawiri ngakhale pamene kamodzi kanali kokwanira.

Galimoto ya a Wilbroad inaima panja. A Wilbroad ndi alamu anga, alongo ake a malemu mkazi wanga Winifred. Amakhala ku Woodlands ndipo ndi wamkulu ndithu ku unduna wina wa boma. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kwa amayi ake, ndipo mwini mbumba ndi malume. Winifred atamwalira, Reuben anakhalabe ndi ine chifukwa a Wilbroad analola, osati chifukwa ndine bambo wake.

Analowa m'shedi akupukuta fumbi pa jekete. Nthawi yomweyo kabelu kanalira, Reuben n'kukupiza manja.

"Alamu, mukadali kuimba mabelu ngati wansembe?"

"Ee."

"Mawu anu akusowa kuposa shuga m'sitolo," anatero akuseka. Anakhala pa bokosi la zitsulo. "Amayi ku Chadiza akufunsa mdzukulu wawo. Akuti mwana akukulira m'shedi ndi munthu wosalankhula, ndiye kulankhulako aphunzira kwa yani?"

Amayiwo sananame.

"Koma ine ndawauza kuti adikire," anapitiriza. "Kuli mayi wina ku Kabulonga, wangobwera kumene kuchokera kunja. Waphunzira njira yatsopano yophunzitsira ana otere. Si zongoganizira, alamu, ndi za kafukufuku, zolembedwa. Mupite naye kumeneko mpaka masukulu adzatseke mu Disembala. Mukadzaona kuti akusintha, akhale kuno apitirize. Akapanda kusintha, ndidzamutenga apite kwa agogo ake. Mwamva?"

"Ndamva."

Ku Chadiza akanamukonda, zimenezo sindikukayika. Koma kumeneko zitsime n'zosatseka, ndipo Reuben akaona madzi amangopita. Ndinaonapo kumudzi komweko mwana wofanana naye atamangidwa chitenje pa mzati wa khonde, anthu onse ali kumunda. Sanam'mange mwankhanza. Anam'manga kuti am'peze wamoyo.

Sabata yoyamba ya Seputembala tinakwera basi.

Sukuluyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa tchalitchi china, pansi pa mitengo ya jakaranda. Munali ana asanu ndi mmodzi ndi atsikana awiri othandiza. Mwini ntchitoyo, Mayi Chibesa, anali wa ku Kitwe, wamtali, wovala magalasi, ndipo Chinyanja chake chinali cha m'tauni, chosakaniza ndi Chibemba. Anamuyang'ana Reuben nthawi yaitali osamukhudza. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ba Njobvu, ichi si ufiti. Si kulakwa kwa amake, si kulakwa kwanu. Chili na dzina, ni otizimu. Ana ambiri pa dziko amabadwa so."

Winifred anamwalira akukhulupirira kuti panali mwambo wina umene anaphwanya ali ndi pakati. Palibe amene anamuuzapo mawu amenewa. Kuyambira pamenepo mayiyo ndinamulemekeza.

Anatulutsa mapepala a Chingerezi. Panali mzere wokwera ngati msewu wa pa phiri. Anafotokoza kuti kunja anthu ophunzira anatenga ana otere n'kuwaphunzitsa maola ambiri pa sabata, kanthu kamodzikamodzi, mwana akachita bwino n'kumupatsa mphoto. Anati ambiri ndithu mwa anawo analowa sukulu wamba pamodzi ndi anzawo.

"Enawo?" ndinafunsa.

"Ati bwanji?"

"Amene sanalowe."

Anatsegula tsamba lina, n'kubwereranso pa loyamba. "Pepala silikamba zambiri pa iwo," anatero. Sanabise. "Na ana amene anayesa sanali ambiri. Ndiye chifukwa nifuna tiyese kuno kwathu, tione na maso athu."

Yankho limenelo linandikwanira.

Makolo tinkakhala pa benchi panja, ndipo zenera linali lotsegula. Mkati munali timatebulo ting'onoting'ono, mwana uku, mphunzitsi uku. Mtsikana amene ankaphunzitsa Reuben ankati, "Niyang'ane." Reuben akayang'ana kukhoma, ankamugwira chibwano mofatsa n'kumutembenuza. Maso akangokumana, kachidutswa ka bisiketi. Ndili mwana, bambo anga ankandikoka khutu ndikawayang'ana m'maso, ankati ndi mwano. Apa mwana wanga ankalandira bisiketi chifukwa cha zomwezo. Sindinadziwe kuti olondola ndani.

Lamulo lina linali lakuti, "Manja pansi." Reuben akayamba kukupiza, mtsikanayo ankaika manja ake pamwamba pa a mwanayo n'kuwakanikiza patebulo mpaka atakhala bata. Kenako bisiketi. Sankamupweteka. Anali mtsikana wabwino, woleza mtima kuposa ine.

Nthawi ya teni koloko ana onse ankalandira kapu ya mkaka ndi banzi. Chaka chimenecho, 1988, anthu tinkaima pa mzere kuyambira m'bandakucha pofuna ufa ndi mafuta ophikira. Mkaka sunali chinthu chochepa.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse Mayi Chibesa ankatiitana mkati, ife makolo, n'kutifunsa mmodzimmodzi mmene mwana akukhalira kunyumba. Zimene tinkayankha ankazilemba, chifukwa m'chipindamo ankaona yekha koma kunyumba maso ake anali ifeyo.

"Ali bwinoko, amayi, zikomo kwambiri."

"Wasintha ndithu. Mulungu akudalitseni."

"Awe, uyu manje ni munthu."

Atafika pa ine ndinati, "Alipo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Alipo bwanji, ba Njobvu? Bwino kapena moipa?"

"Alipo."

Anzanga anaseka. Iye analemba kanthu kakafupi.

Zoona zake n'zakuti ndinali ndisanadziwe. Mu Okutobala, jakaranda atathothoka, Reuben anali atayamba kuyang'ana munthu m'maso, mwachangu ngati wokhudza mphika wotentha, kenako n'kutambasula dzanja kufuna bisiketi. Anaphunzira kukhala pa mpando mpaka atauzidwa kuti aimirire. Anaphunzira kuvala yekha nsapato, chinthu chimene ine ndinalephera kumuphunzitsa. Ndipo tsiku lina lotentha mu Novembala, ndikutsuka zilembo pa mpopi wa panja, anaima pambali panga n'kunena kuti, "Maji."

Ndinatseka mpopi. Ndinautsegulanso.

"Maji," anatero.

Ndinakhala pansi pa matope pomwepo. Ndinafuna kuitana Winifred. Pakamwa panga panatseguka ndithu.

Koma panali zinanso. Kanyimbo kake kanatha. Sindidziwa tsiku limene kanathera, ndinangozindikira kuti m'shedi mwakhala zii ngati mu ofesi ya Lamulungu. Anayamba kukodza pogona, chimene anasiya kalekale. M'basi, tikangokhota kulowa m'misewu ya mitengo ya ku Kabulonga, ankaika mkono pakamwa n'kudziluma pamwamba pa dzanja, mpaka khungu linachita chipsera chakuda. Ndipo madzulo ena ndinaliza kabelu ka taipilaita. Manja ake ananyamuka pang'ono, n'kuima m'malere. Kenako anawalowetsa pansi pa ntchafu zake n'kuwakhalira. Anandiyang'ana m'maso, akudikira bisiketi.

Ndinalibe bisiketi. Ndinavundikira makinawo ndi nsalu.

Pa benchi ija ndinkakhala pafupi ndi Amayi Febby a ku Kabwata, amene ankagulitsa tomato pa msika wa kwawoko. Mwana wawo Hector anali wamkulu kwa Reuben, wamphamvu, wosakhazikika. Pa msonkhano wa mu Novembala Amayi Febby anauza Mayi Chibesa kuti Hector tsopano amagona bwino ndipo sakuswanso zinthu. Titatuluka tinakaima limodzi pa siteji ya basi, iwo n'kuyasamula mpaka misozi.

"Nalema, ba Njobvu. Uyu Satana wanga sananigoneke. Aphwanya na wailesi ya atate ake, manje nkhani tizamvela kwa aneba."

"Mwanena kuti amagona."

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake nkhuku ilibe mano.

"Imwe munabadwila kuti? Munthu wachoka kutali, wasiya ntchito za ndalama, wabwela kutithandiza mahala, osatilipilitsa. Ana akumwa mkaka. Ine niimilile pa gulu nimuuze ati amayi, vamene muchita sivisebenza? Mlendo akakupatsani nkhuku yoonda mumakamba chani? Mumakamba ati zikomo, yanona."

"Akulemba."

"Alembe. Pepala silimva njala." Anamukoka Hector amene ankafuna kulowa mumsewu. "Iwe, bwela kuno, uzafa! Onani, sininama vonse. Ku chimbuzi manje ayenda yekha, icho ni cha zoona, niyamika. Koma kugona, awe. Nanga imwe na 'alipo' wanu uja? Muganiza ndiye chilungamo? Ni kubisala chabe kwa mwamuna."

Basi yawo inabwera. Yathu inachedwa, ndipo ndinali ndi nthawi yoganiza.

Tonse pa benchi ija tinakula mofanana. Munthu akakufunsa kuti muli bwanji, umati ndili bwino, ngakhale uli pa maliro. Sing'anga akakufunsa ngati mankhwala ake agwira, umati agwira, kenako umapita kwa wina mwakachetechete. Umenewo ndi ulemu, ndipo ndi umene umatisunga pamodzi. Koma Mayi Chibesa ankatenga ulemu wathuwo n'kuusandutsa mzere wokwera phiri. Ndinaganizanso za pepala la kunja lija. Makolo a kumeneko amayankha bwanji munthu amene wawathandiza? Sindinawaonepo. Mwina amanena zoona zokhazokha. Mwina nawonso amatopa, ndipo amafuna kuti chimene athera mphamvu zawo chikhale choona. Ndipo anawo, amene manja awo anakanikizidwa patebulo, sindikhulupirira kuti alipo anawafunsa. Ukam'funsa bwanji mwana ngati Reuben? Umangoyang'ana dzanja lake.

Panalinso funso la mawu aja, "maji". Kodi anachokera pa katebulo kaja, kapena nthawi yake inangokwana, monga dzino limamera popanda woliitana? Ndikanakhala ndi a Reuben awiri, wina wopita ku Kabulonga wina wotsala m'shedi, ndikanadziwa. Ndinali ndi mmodzi.

Msonkhano womaliza unali mu Disembala, mvula itayamba. A Wilbroad anabwera, atavala tayi, n'kukhala kumbuyo. M'basi m'mawa umenewo ndinali nditakonza yankho langa. Linali la mawu awiri: ali bwinoko. Silinali bodza lenileni. Nsapato amavala yekha, madzi amawatchula. Ndikangonena mawu awiriwo, alamu anga akwera galimoto yawo n'kubwerera ku Woodlands, mwana wanga n'kugona m'nyumba mwanga.

Mayi Chibesa anaima kutsogolo ali wosangalala. Anati akulemba lipoti lopita kwa akuluakulu ndi kwa amene amapereka thandizo. Anati makolo onse aona kusintha kunyumba, ndipo umboni umenewo ndi wamphamvu kuposa china chilichonse. Lipotilo likavomerezedwa, njira yomweyi ifika ku Ndola, ku Kabwe, ku Chipata. Ana ambiri aphunzitsidwa monga mmene aphunzitsidwira athuwa.

Makolo analankhula mmodzimmodzi. Anathokoza. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kuwomba m'manja mwaulemu. Amayi Febby anati Hector ndi mwana watsopano.

"Ba Njobvu," anatero Mayi Chibesa akumwetulira. "Lelo musaniuze ati alipo."

Reuben anali atakhala pambali panga, manja ali pansi pa ntchafu. Palibe amene anamuuza kutero. Ndinaganiza za ana a ku Ndola ndi a ku Chipata amene sindidzawaona, atakhala chimodzimodzi, ndipo pepala likunena kuti bambo ake a Reuben anavomereza.

Ndinaimirira.

"Amavala nsapato yekha. Munamuphunzitsa ndinu, zikomo. Anatchula madzi. Sindidziwa ngati ndinu kapena ndi nthawi." Ndinapuma. "Anasiya kuimba. Akukodza pogona. Tikamabwera kuno amadziluma." Ndinatulutsa dzanja lake pansi pa ntchafu n'kulikweza kuti chipsera chioneke. "Akakondwa ankakupiza manja. Tsopano amawakhalira. Sindidziwanso ngati amakondwa."

Chiyambire maliro a Winifred ndinali ndisanalankhulepo mawu ochuluka chotero pagulu. Ndinakhala pansi.

Bambo wachikulire uja anapukusa mutu. Wina kumbuyo ananong'ona kuti munthu wosayamika. Mayi Chibesa anavula magalasi, nkhope yake itagwa.

"Chifukwa chani simunaniuze kudala?"

"Ndinali ndisanatsimikize."

Anayang'ana makolo enawo. "Nanga imwe? Kuli wina amene aona vinthu monga ivi kunyumba?"

"Wathu ali bwinoko ndithu, amayi," anatero bambo wachikulireyo mwamsanga. "Musamvere zimenezo."

Amayi Febby anali akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje. Anandiponyera diso loipa, kenako anapumira m'mwamba.

"Ba Njobvu, mwatichititsa manyazi, Mulungu akuoneni." Anatembenukira kutsogolo. "Amayi, Hector sagona. Ku chimbuzi ayenda yekha, icho sininame. Koma sagona, na kuphwanya aphwanya kupambana kudala. Tinaopa kuti mukamvela muzakhumudwa. Na mkaka uzasila."

Mayi wina amene anali asanalankhulepo zambiri ananena chapansipansi kuti wake, kunena zoona, wasintha ndithu, ndipo amakonda kubwera. Ndinamukhulupirira. Ana aja sanali ofanana.

Mayi Chibesa anakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba.

"Bamayo anga amene ananibala," anatero, "sabata yamene anamwalila, dokota anawafunsa ati mumvela bwanji. Anayankha ati bwino sana, natotela, zikomo. Ine ninali pamenepo. Ninakalipa. Manje onani, nayenda kutali, nabwela, naiwala mwamene anthu anga ayankhila." Anatseka buku lake. "Ba Njobvu, mau aja a madzi. Ine nifuna kukamba ati ni ife."

"Mwina ndinu."

"Mwina. Koma na ine siniziwa."

Panja mvula inali ikugwa ya mawawa. A Wilbroad anandipeza pansi pa jakaranda ndikumuveka Reuben chipewa.

"Alamu, ndinu munthu wotani? Zaka zonsezi pakamwa potseka, lero pamene pakufunika kutseka ndiye mwatsegula. Mukanangoti ali bwinoko, ine ndikanatani? Ndikanapita kwathu." Anapukuta madzi pa mphumi. "Ndinalonjeza amayi, ndipo mwanena nokha pamaso pa anthu. Loweruka ndikubwera. Mumukonzere zovala."

"Chabwino."

Loweruka anafika dzuwa litakwera. Anapeza pakhonde zikwama ziwiri ndi bokosi langa la zitsulo, lomangidwa ndi chingwe.

"Mwana mmodzi katundu yenseyu?"

"Chinacho ndi changa."

"Mukupita kuti?"

"Ku Chadiza."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bokosi. Mkazi akamwalira, akwawo amasudzula mwamunayo pakapita nthawi: amam'masula pamaso pa anthu kuti ukwati watha, apite kumene akufuna, akwatirenso ngati afuna. A Wilbroad anabwera kangapo kudzanena za mwambo umenewo, ine ndinkangoti nthawi sinakwane.

"Simunandisudzule," ndinatero. "Ndikadali mkamwini wa kwanu. Kumene kuli mwana, mkamwini ali ndi malo."

"Sitinakusudzuleni? Munakana ndinu! Ndinatha mafuta a galimoto kubwera kuno, inu kumangoti mawa, mawa!"

"Ee."

"Ku Chadiza kulibe taipilaita ngakhale imodzi. Mukadya chiyani?"

"Ndikalima munda wa apongozi."

"Inu ndi khasu? Manja a mafuta a makinawo?" Anaseka mokwiya. "Amayi anga akalamba. Anapempha mdzukulu mmodzi wosalankhula, ine ndikawatulire awiri? Akandithamangitsa ndi munsi."

Ndinanyamula bokosi kupita nalo ku galimoto.

"Ikani pansi, alamu. Ikani pansi kaye." Anatsamira galimoto. Kukwiya kunali kutachepa. "Ndiuzeni chinthu chimodzi. Mumadziwa kuti ndimutenga. N'chifukwa chiyani simunangonena monga anzanu?"

Sindikanatha kufotokoza ndi pakamwa. Ndinawakodola kuti anditsate ku shedi. Patebulo panatsala taipilaita imodzi ya ofesi ina, imene eni ake anali asanaitenge. Reuben anali pa mpando wake pakona, atavala kale nsapato za ulendo. Ndinachotsa nsalu, n'kukankha makina mpaka kabelu kanalira.

Manja a Reuben ananyamuka pang'ono. Anaima. Anawalowetsa pansi pa ntchafu, n'kuyang'ana malume ake m'maso, kenako ine, akudikira.

A Wilbroad anali ataona manja omwewo mu Ogasiti, m'shedi momwemo. Anagwada, tayi ikulendewera, n'kugwira chigongono cha mwanayo mofatsa ngati akufuna kutulutsa dzanjalo. Reuben anaumitsa mkono. Anamusiya.

"Winifred ankati akamatero ndiye kuti akuseka," anatero, osandiyang'ana. "Ankati aliyense ali ndi kasekedwe kake."

"Ankatero."

Anaimirira n'kupukuta mawondo a buluku. Anayang'ana kunja, kumene mitambo inali kusonkhananso.

"Mayi uja anabwera ku ofesi kwanga dzana. Lipoti lija sanatumize. Akuti mu Januwale ayamba kuyenda m'makomo, azikhala pansi n'kumaona ana yekha, osati kufunsa anthu aulemu ngati ife. Akuti za nsapato ndi za chimbudzi apitiriza, koma zogwira manja ndi zibwano aima kaye mpaka adziwe. Mkakanso sautseka. Akufuna Reuben abwerere." Anandiyang'ana. "Mupita naye?"

"Ndikaona kaye."

"Mukaona kaye. Inu mudzafika kumwamba n'kuuza Petulo kuti muona kaye." Anatulutsa makiyi m'thumba. "Ndikawauza amayi kuti msewu waipa ndi mvula. Si bodza, waipadi. Pa Pasaka mubwere naye, nonse awiri, amayi akamuone ndi maso awo, ndipo mukalankhule nokha monga munalankhulira kuja. Akakana kuti mwana akhale kuno, mudzalimadi munda umenewo, ine sindidzakuthandizani."

"Zikomo, alamu."

"Musandithokoze. Sindidziwanso kuti zikomo wa anthu akuno amatanthauza chiyani."

Galimoto inatuluka pa geti, n'kulowa m'matope a mumsewu. Ndinabweza zikwama m'nyumba, ndinamuvula Reuben nsapato za ulendo, ndinamasula chingwe cha bokosi la zitsulo. Kenako ndinakhala pa taipilaita ija, ndinayang'ana kukhoma kuti asaone maso anga, ndipo ndinaliza kabelu.